Za Mdzukulu Wathu ndi Buku la Hamlet

Mwezi uno tifuna kukusimbirani mlandu umene unabuka pakhonde pathu m'dzinja lapitali, ndipo kufikira lero sunagamulidwe. Mlanduwo suli wa mbuzi yodya mmera, kapena wa malire a dimba, iai. Uli wa buku. Kapena wina adzaseka, nati, kodi nkhalamba zasowa ntchito kuti zizikangana za mapepala? Koma yambani mwamva, pakuti m'kati mwa mapepalawo tinapezamo mwana wathu wamkazi ndi mwana wake.

Mkamwini wathu woyamba anamwalira zaka zinayi zapitazo, nasiya mkazi ndi ana atatu. Mwana wathu analira maliro monga mwa mwambo, nameta, ndipo akuchimuna anamsudzula mwamtendere. Anakhala yekha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, akulima yekha, akupempha anthu kuti amfolerere nyumba. Pambuyo pake anadza mwamuna wina wofatsa, ankhoswe anakumana, ndipo ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi pamaso pa onse. Ana awiri aang'ono anamzolowera msanga mwamunayo. Koma wachisamba, mnyamata wa zaka 17 amene aphunzira ku sekondale, anakana. Sanatukwane munthu, anangopinda mphasa yake, natola mabuku ake, nadza kudzakhala ndi ife agogo ake. Akaona mwamuna uja panjira apatuka, ndipo amake akabwera kudzamuona awayankha mau awiri okha, maso ali pansi.

Tsiku lina mvula inagwa kuyambira m'mawa, ndipo sitinapite kumunda. Mnyamatayo anatuluka ndi kabuku kothaitha kamene aphunzitsi ake anambwereka, nati: "Agogo, aphunzitsi athu anena kuti munthu amene analemba bukuli adziwa mtima wa anthu onse, a dziko lililonse ndi a nyengo iliyonse. Poyamba ndinayesa kuti angomtama chabe. Koma tsopano ndaona kuti anena zoona, pakuti walemba za ine."

Mlembiyo ndiye William Shakespeare, Mngerezi wa ku Stratford-upon-Avon, amene anabadwa m'chaka cha 1564, namwalira m'chaka cha 1616. Bukulo ndi sewero lotchedwa Hamlet, limene analilemba pafupi ndi chaka cha 1600. Nkhani yake sanaipeke yekha. Inali nthano yakale ya ku Denmark, imene Saxo Grammaticus anailemba m'Chilatini zaka ngati 400 Shakespeare asanaigwire. Mutu wake ndi uwu. Mfumu ya Denmark yafa mwadzidzidzi. Mng'ono wake, Claudius, walowa ufumu, nakwatira Gertrude, mkazi wa mkulu wake, isanathe miyezi iwiri. Mwana wa mfumu yakufayo, Hamlet, ali ndi chisoni choopsa. Tsono usiku mzimu wa atate wake umuonekera, numuuza kuti sinali imfa wamba, koma kuti mng'ono wakeyo anamthira mankhwala akupha m'khutu ali mtulo m'munda wa zipatso. Ndipo umlamula kuti alipsire. Hamlet adzichititsa misala, azengereza, abaya nduna ya mfumu poyesa kuti abaya mfumuyo, ndipo potsiriza pake onse afera pabwalo limodzi: mfumu, mfumukazi, ndi Hamlet yemwe.

Atatha kutimasulira zimenezi, mdzukulu wathu anatsegula tsamba limene analipinda kale. Ndi pamene Hamlet, mtima utamuwawa, anena kuti akazi ali ofooka mtima, ndi kuti ngakhale nyama yopanda nzeru ikadalira mwamuna wake nthawi yaitali koposa amake. "Si ine ndanena," anatero mnyamatayo, "ndi buku. Ndipo ngati bukuli linena zoona za anthu onse, linenanso zoona za amayi anga."

Pamenepo tinazindikira kuti mlandu wakula. Anthu ophunzira akangana zaka zambiri pa funso ili, lakuti kodi zimene mabuku otchuka anena za khalidwe la munthu zili zoona paliponse, kapena zili zoona kwao kokha kumene analembedwa. Ife tinkayesa kuti mkangano umenewo ngwa m'masukulu aakulu. Koma taonani, unafika pakhonde pathu uli ndi nthungo m'dzanja, ndipo nthungoyo inaloza mwana wathu.

Akazi athu sadziwa Chingerezi ngakhale liu limodzi, ndipo nthawi yonseyi anali chikhalire akusadzula nkhwani, kotero kuti tinayesa kuti sakumvetsera. Koma anaika lichero pansi, nafunsa kuti: "Nanga atsibweni ake a mnyamatayo anali kuti?" Mdzukulu anayankha kuti ndiye Claudius uja, pakuti Angerezi ali ndi liu limodzi lokha lotchulira mlongo wa amayi ndi mng'ono wa abambo. "Iai, mwanawe," anatero agogo ake, "ameneyo ndi bambo wamng'ono. Ine ndikunena mlongo wake wa mkaziyo, mwini mbumba. Mwana wa mlongo wako akuyenda usiku ndi mizimu, akulankhula yekha, iwe n'kukhala chete?" Mnyamata anafunafuna m'buku monse, koma sanampeze, pakuti mulibe. Za ufumu nazonso sanaonepo cholira. Kwathu kuno kwa Achewa dzina silipita kwa mwana wobala mfumu, koma kwa mng'ono wake kapena kwa mwana wa mlongo wake. Tsono Hamlet analandidwa chiyani? Ndipo za kukwatira mkazi wa mkulu wako, anati chokolo anachiona kawirikawiri pa utsikana wao, ngakhale lero anthu achitaya chifukwa cha Edzi ndi chifukwa chakuti akazi ambiri amasiye ankachilowa mokakamizidwa. Zimene anatsutsa zinali ziwiri zokha: kupha mbale, kumene anati n'koipa kulikonse, ndi changu chija. "Miyezi iwiri! Asanamete n'komwe!"

Ife tinaseka, pakuti mau aowo anatikumbutsa nkhani imene tinaiwerenga kale tikali aphunzitsi. Mayi wina wa ku America, dzina lake Laura Bohannan, wophunzira za miyambo ya anthu, anakhala pakati pa mtundu wa Tiv ku Nigeria m'zaka za pakati pa 1949 ndi 1953, ndipo m'chaka cha 1966 anasindikiza zimene zinamchitikira kumeneko. Asananyamuke ku Oxford anatsutsana ndi bwenzi lake lachingerezi, limene linati anthu a ku America samvetsa Shakespeare. Iye anakana, nati mtima wa munthu uli umodzi dziko lonse lapansi, ndipo nkhani yonga Hamlet imveka kulikonse. Bwenzilo linampatsa bukulo kuti akaliwerengere kuthengoko. Tsono itafika nyengo imene madambo anasefukira, nadula njira zonse, akuluakulu a mudziwo ankakhala m'nyumba kumwa mowa ndi kukamba nthano. Ndipo m'mawa wina anamkakamiza kuti naye awasimbire zimene zili m'mapepala ake. Iye anakondwa, nayesa kuti wapeza mpata woonetsa kuti ananena zoona.

Sanapite patali. Pamene anati munthu wakufa anayenda nalankhula, akuluwo anakana, nati akufa sayenda; amenewo anali malodza otumidwa ndi mfiti, kapena mtembo woukitsidwa ndi mfiti. Pamene anati Claudius anakwatira mkazi wa mkulu wake, anakondwera, nati anachita bwino, ndipo anaona kuti azungu nao ali ndi mwambo wolongosoka. Mayi uja anayesa kufotokoza kuti wamasiye ayenera kulira zaka ziwiri, koma mmodzi wa akazi a mkulu wa pamudzipo anamfunsa amene adzamlimira m'munda nthawi yonseyo. Misala ya Hamlet anati ndi ya kulodzedwa. Nduna ija yobayidwa kuseri kwa nsalu anaiyesa chitsiru, pakuti kwao mlenje akaona udzu ukugwedezeka apfuula asanaponye muvi, ndipo ngati ali munthu ayenera kuyankha msanga. Hamlet anapfuula, ndunayo sinadziulule. Chimene chinawaopsa koposa ndicho chakuti mnyamata adzudzule amake, ndi kuti atukule dzanja pa mng'ono wa atate wake, m'malo mokatula mlanduwo kwa akulu. Potsiriza mkulu wa mudzi anamthokoza, nati nkhaniyo njabwino ndipo waikamba ndi zolakwa zochepa. Anatinso anthu ali chimodzimodzi kulikonse, chifukwa chake kulikonse kuli mfiti. Ndipo anampempha kuti azibwera nazo nthano zina za kwao, kuti akuluwo azimuuza tanthauzo lake lenileni.

Taonani chodabwitsa, abale. Mayi wa ku America anati anthu onse ali amodzi. Mkulu wa ku Tiv anatinso anthu onse ali amodzi. Mau ao anali ofanana, koma aliyense mumtima mwake amati: onse ali monga ife a kwathu. Tiganiza kuti nthawi zambiri munthu akanena kuti anthu onse atere, wayang'ana m'mudzi mwake mokha, nauyesa dziko lonse.

Ngakhale kunyansidwa kwa Angerezi ndi ukwati wa Claudius kuli ndi mbiri yake. Mfumu yao Henry VIII inakwatira Catherine wa ku Aragon m'chaka cha 1509, amene anali wamasiye wa mkulu wake Arthur, ndipo inatero ndi chilolezo cha Papa. Patapita zaka, pofuna mkazi wina, inati ukwatiwo unali wosaloleka chiyambire, ndipo mlandu umenewu ndiwo unapatula dziko la England ku Roma m'chaka cha 1534. Elizabeth, amene anali pampando pamene Hamlet ankalembedwa, anali mwana wa mkazi wachiwiriyo. Tsono anthu a ku London poona munthu akukwatira mkazi wa mkulu wake pabwalo la sewero, anamva zimene Mtiv kapena Mchewa sangamve, pakuti mlandu wotere unagwedeza dziko lao m'masiku a makolo ao.

Zonsezi tinamuuza mdzukulu wathu, ndipo tiulule kuti tinayamba kudzitama mumtima, poyesa kuti tamgonjetsa. Koma iye anatiyankha bwino, nati: "Agogo, ngati bukuli ndi la Angerezi okha, nanga bwanji ine poliwerenga ndinalira? Ine sindine Mngerezi, ndipo atate anga sanali mfumu." Pamenepo tinasowa poyankha, chifukwa anagwira pomwe. Kunena kuti nkhani za mtundu wina sizitikhudza konse ndi bodza lina, lolingana ndi loyamba lija. Julius Nyerere, akali mtsogoleri wa dziko lake, anapeza nthawi yotembenuzira masewero awiri a Shakespeare m'Chiswahili. Sakadavutika chotero ndi zinthu zosamveka kwa anthu ake. Ndipo Chinua Achebe wa ku Nigeria, amene m'chaka cha 1958 anatulutsa buku losimba za mudzi wa Aigbo pofika azungu, anasimba kuti analandira makalata ochokera kwa atsikana a sukulu ina ya ku Korea, onena kuti nkhaniyo inali yonga yao, pakuti dziko lao nalo linalamulidwapo ndi alendo. Chilipo ndithu chimene chioloka nyanja. Funso ndi lakuti, chiolokacho n'chiyani, ndipo chotsala kutsidya n'chiyani?

Usiku umenewo sitinagone msanga, ndipo tinakumbukira chinthu china chimene inu nonse mungachiyese ku Limana. Mphunzitsi wina wa Malembo wa ku America, Mark Allan Powell, anasimba m'buku lake la m'chaka cha 2007 za mayeso amene anachita ndi fanizo la mwana wolowerera, la pa Luka 15. Ankauza anthu kuti aliwerenge, atseke buku, ndi kulikamba pamtima. Mwa anthu 100 a ku America, 6 okha anatchula za njala yaikulu imene inagwa m'dziko lija. Onsewo anakumbukira kuti mwanayo anamwaza chuma. Anachitanso chomwecho ku St. Petersburg, m'dziko la Russia, ndipo mwa anthu 50, anthu 42 anatchula njalayo. Mzinda umenewo, pamene unkatchedwa Leningrad, unazingidwa ndi ankhondo a Germany kuyambira 1941 kufikira 1944, ndipo anthu osawerengeka anafa ndi njala. Ku Tanzania anafunsa chifukwa chimene mnyamatayo anavutikira pakati pa nkhumba, ndipo ambiri anayankha kuti chifukwa panalibe munthu wompatsa chakudya. Tsono tsegulani Luka muone: zonse zitatu zilimo, kumwaza chuma, njala, ndi kumana kwa eni dziko. Palibe amene anapeka. Aliyense anatola chimene moyo wake unamphunzitsa kumva, nasiya zinazo m'buku. Ndipo tikhulupirira kuti amene anaona njala ya 1949, kapena ife amene tinaona ya 2002, sitingalumphe mau a njalawo.

M'mawa mwake tinaitana mdzukulu, nitimuuza kuti atseke buku, atikambirenso nkhani yonse pamtima, makamaka zimene mzimu uja unalamula. Anakamba bwino ndithu, osadodoma: za mankhwala a m'khutu, za ukwati wachangu, za kulipsira. Atatha tinati, tsegula uwerenge mau a mzimuwo kufikira pamene uchoka. Anawerenga, ndipo tinaona nkhope yake ikusintha. Pakuti mzimu womwewo, umene ulamula kulipsira, uletsanso mwanayo kuti asaganizire amake choipa chilichonse, koma awasiye m'manja a Mulungu ndi a chikumbumtima chao. Ndiponso pamene Hamlet alowa m'chipinda cha amake nawalasa ndi mau oopsa, mzimuwo ubweranso, numuuza kuti awathandize, pakuti mtima wao uli pankhondo. Ndipo pa mapeto, pamene Hamlet achita mpikisano wa malupanga, amake ndiwo amene ampatsa kansalu kopukutira thukuta, namwa chikho pomfunira mwayi, osadziwa kuti muli mankhwala akupha. Ndipo mau ao otsiriza ali ochenjeza mwana wao za chikhocho. Zonsezi mnyamata wathu anaziwerenga kale, kawiri konse, koma pokamba anazilumpha monga Amereka aja analumpha njala.

Tsono maganizo athu pa mlanduwu ndi awa, ndipo amene aona mwina atilembere. Mau aja onyoza akazi si chigamulo cha Shakespeare, koma kulira kwa mnyamata amene atate wake angoikidwa kumene. Mlembiyo anawaika m'kamwa mwa munthu wolasidwa, ndipo m'buku lomwelo anaikamo mau ena owatsutsa. Chimene chili choona ku Denmark, ku London ndi pakhonde pathu ndicho chakuti mwana wamasiye akaona munthu wina atakhala pa mpando wa atate wake, mtima umuwawa, ndipo afuna womuimba mlandu, ndipo kawirikawiri asankha amene ali pafupi, amenenso sangambwezere. Chimenechi mlembiyo anachiona bwino koposa, ndipo n'chifukwa chake mdzukulu wathu analira. Koma zakuti wamasiye alire miyezi ingati, akwatiwe ndi yani, ufumu upite kwa yani, akufa alankhula kapena iai, mwana wovutika akadandaule kwa yani, zimenezi mtundu uliwonse unayankha mwa njira yake, ndipo buku silingaweruze mkazi wa kuno ndi muyeso wa kutsidya. Nanga mkazi amene anadikira zaka ziwiri ndi miyezi, nalima yekha, angaimbidwe bwanji mlandu wa mfumukazi ya miyezi iwiri?

Pano tiyenera kuvomera kuti ifenso sitinapulumuke mu msampha womwewo. Ife ndife atate a mkazi woimbidwa mlanduyo. Kodi n'zodabwitsa kuti m'buku lonse tinapezamo msanga mau omteteza? Mdzukulu wathu anatiuza chomwecho, mwaulemu koma mosabisa, nati: "Agogo, inunso mwatola zanu." Sitinakane. Anatikumbutsanso kuti m'chipinda muja Gertrude yemwe avomera kuti aona mawanga akuda mumtima mwake, ndipo ife tinali titalumpha pamenepo. Chotero pakhonde limodzi panali owerenga atatu, ndipo aliyense anatuluka m'buku limodzi atasenza mtolo wosiyana: mnyamata chisoni chake, ife mwana wathu, ndi akazi athu munthu amene mulibemo.

Za munthu amene mulibemoyo akazi athu sanaleke. Masiku onse otsatira ankabwereza kuti anthu onse aja anafa chifukwa panalibe mwini mbumba woti akhazike pansi mwana ndi amake, ndi kuwamva onse awiri. Ife tinawauza kuti azungu a m'bukumo alibe mwambo umenewo, ndipo iwo anayankha kuti n'chifukwa chake anatha psiti. Tinayesa kuwafotokozera kuti akuchita monga mkulu wa ku Tiv uja, koma sanasamale. Anati mkuluyo ayenera kuti anali munthu wanzeru.

Pa Lamulungu la Kanjedza mnyamata anapita kukadya nsima kwa amake, koyamba chichokere. Ang'ono ake atiuza kuti anakhala pamphasa imodzi ndi mwamuna uja, nasamba m'manja pambuyo pake monga ayenera mwana, koma sanalankhulane kupatula moni. Madzulo anabwerera kudzagona kwathu kuno, ndipo mphasa yake ikali pano. Bukulo sanalibweze kwa aphunzitsi. Taona kuti tsopano lili ndi masamba atatu opindidwa. Akazi athu, osatifunsa ife, anauza mdzukulu wamng'ono kuti awaimbire foni mwana wathu wamwamuna amene agwira ntchito ku Lilongwe, ndiye mtsibweni wake wa mnyamatayo. Wayankha kuti adzafika anthu akatha kukolola.